Kodi ndipite ndi ana ku Notting Hill Carnival?

Mayi ena amene anafika ku London chaka chatha, ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba, andilembera imelo. Akuti ana atsekera sukulu, kunja kwacha bwino, koma matikiti a zoimbaimba za ku Hyde Park ndi Finsbury Park ndi odula moti thumba lawo silingakwanitse. Amva kuti Notting Hill Carnival, chikondwerero cha m'misewu ya ku London, ndi yaulere, koma anzawo akutchalitchi awauza kuti kumeneko kumapita zidakwa ndi ambanda okhaokha. Ndiye akufunsa ngati n'kwanzeru kutengerako ana.

Achemwali, pitani nawo. Koma pitani Lamlungu m'mawa, ndipo dzuwa likamapendeka mukhale mutauyamba wobwerera.

Chikondwererochi chimachitika Lolemba lomaliza la Ogasiti, lomwe ndi holide, pamodzi ndi Lamlungu lake. Lamlungu ndi tsiku la mabanja, pomwe ana amaguba atavala nthenga ndi zonyezimira. Lolemba ndi la akuluakulu, ndipo anthu amapanikizana moti phazi umachita kusowa poliponda. Limenelo lisiyeni kaye chaka chino.

Anzanuwo sakunama pa zonse ayi. Oba mafoni amakhalapo, chamba chimanunkha, ndipo mu 2024 anthu awiri anamwalira atavulazidwa pa nthawi ya chikondwererochi, mmodzi mwa iwo mayi amene anabayidwa tsiku la mabanja lomwelo. Zimenezi sindingakubisireni. Chimene chimandiwawa ndi kumva Mmalawi mnzanga akunyoza Carnival osadziwa kumene inachokera.

Mu 1958, magulu a anyamata achizungu ankasaka anthu akuda m'misewu ya Notting Hill n'kumawamenya ndi kuwaswera nyumba. Ambiri mwa ozunzidwawo anali ochokera ku Jamaica, Trinidad ndi zilumba zina za Caribbean, amene anabwera kudzayendetsa mabasi ndi kugwira ntchito m'zipatala nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Mu Januwale 1959, Claudia Jones, mtolankhani wobadwira ku Trinidad, anakonza chisangalalo cha anthu akwawo mu holo ya St Pancras kuti awalimbitse mtima. Mu 1966, Rhaune Laslett anatsogolera chikondwerero cha m'misewu ya Notting Hill, ndipo n'chimene chakula kufika lero. Inu amene mumadzuka m'bandakucha kukasambitsa agogo a eni ake, nkhani imeneyi ikukukhudzani. Anthuwa ndi amene anatilambulira njira m'dziko muno.

Ana mukawaonetse oimba steel pan. Ng'oma zake amazisula kuchokera ku migolo ya mafuta, yonga imene timasungiramo madzi kwathu ija. Pamwamba pake amamenya ndi hamala n'kukhala ngati beseni la timagawo, ndipo kagawo kalikonse kamalira mosiyana akakagogoda ndi kamtengo ka labala kunsonga. Mpikisano wa magulu oimba zimenezi, wotchedwa Panorama, umachitika Loweruka madzulo. Ponena za ma sound system, masipika ake amawaunjika kutalika kuposa munthu ndipo amagwedeza chifuwa, ndiye mwana wamng'ono musamuimike pafupi.

Ikakwana 3 koloko masana nyimbo zimazimitsidwa kwa masekondi 72, kukumbukira anthu 72 amene anafa pa moto wa nyumba yosanjikizana ya Grenfell Tower mu Juni 2017, m'dera lomweli. Muwafotokozere anawo asanadabwe.

Pa za mayendedwe, siteshoni ya sitima ya Ladbroke Grove imatsekedwa ndipo zina zapafupi zimakhala zotulukira zokha, choncho onani zimene TfL, bungwe loyendetsa masitima ndi mabasi ku London, yalengeza musananyamuke. Netiweki imavuta chifukwa cha khamu. Lembani nambala yanu pa mkono wa mwana aliyense, ndipo mugwirizane malo okumana wina akasochera. Tengani madzi ndi kamba wanu. Nkhuku ya jerk ndi yokoma koma mtengo wake suseka ndi munthu. Zimbudzi zimakhala ndi mizere italiitali.

Mtima ukakanabe, musadzikakamize. Ku Royal Albert Hall kumakhala zoimbaimba za BBC Proms kuyambira pakati pa Julaye mpaka Seputembala, mwambo womwe unayamba mu 1895. Matikiti oimirira amagulitsidwa tsiku lomwelo pa mtengo wotsika, ndipo masiku ena kumakhala makwaya akuluakulu amene anzanu akutchalitchi aja angakondwere kupita nanu.