Nkhani za mpira wa kuchigwa: ndani amene akulipira?

Mnyamata wina wa ku Bangula wandilembera imelo kufunsa ngati angapeze cholowa polemba nkhani za masewero, popeza tsopano nyuzipepala zikuluzikulu ndi mawayilesi akufalitsa nkhani pa intaneti. Achimwene, funso lanu latokosa chilonda chimene ndinkayesa kuti chinapola.

Zaka zapitazo ndinkapalasa njinga mpaka pa bwalo la Kalulu ku Nchalo, dzuwa lakuchigwa kuno likuswa mtengo, kukaonera matimu athu. Ndikabwerako ndinkalemba usiku womwewo n'kutumiza ku kampani ina ya ku Blantyre, imene dzina lake sinditchula, ndipo nkhani yanga inkatuluka ziganizo zitatu zokha, pansi pa tsamba lodzaza ndi Bullets ndi Wanderers. Ankati malipiro abwera kumapeto kwa mwezi, koma miyezi inadutsa mpaka ndinasiya kuwakumbutsa, pamene mayunitsi ndi bandulo zinkachoka m'thumba mwanga.

Kale ankatiuza kuti tsamba ndi lochepa. Lero pa intaneti malo satha, koma ndalama za otsatsa malonda zimatsata kuchuluka kwa owerenga, ndipo nkhani ya osewera mmodzi wa Bullets imakoka anthu ambiri kuposa ligi yonse ya ku Chikwawa. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mapepala osindikizira, amene amagulidwa kunja, anakwera mtengo, choncho ine ndimaona kuti makampani akuthamangira ku intaneti pofuna kupulumutsa ndalama, osati kudzalemba ntchito mtolankhani ku Nsanje. Ndinene mosabisa: akufuna zithunzi zanu ndi zigoli zanu, koma mwaulere, n'kumakunyengererani kuti dzina lanu litchuka.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti atolankhani amatsetsereka phiri la Thabwa pokhapokha Shire akasefukira. Namondwe Freddy atawononga mu Malichi 2023 anabwera ambiri, koma sindinamve wina akufunsa za mabwalo amene anakwiririka ndi matope. Mpata umenewu amaudzaza andale ndi mabonanza awo, ndipo mtolankhani wanjala akalandira chipondamthengo, nkhani yake imasanduka ya zolankhula za bwana, wogoletsa chigoli osatchulidwa n'komwe.

Nanga mutani?

Yambani ndi wayilesi za m'dera, monga Gaka kapena Nyathepa, kuti anthu adziwe mawu anu. Tsegulaninso tsamba pa Facebook, muziikapo zotsatira Lamulungu lililonse madzulo mosaphonya, ndipo pakatha miyezi ingapo mupite kwa eni mashopu a pa Ngabu ndi pa Nchalo kuti azitsatsa malonda, azikulipirani pa Mpamba kapena Airtel Money. A ku Blantyre akakuimbirani kufuna chithunzi, mugwirizane mtengo musanatumize.