Kansalu ka nangula m'sutikesi ya agogo

FUNSO: Agogo anga aamuna, amene anamenya nkhondo ku Burma m'gulu la Northern Rhodesia Regiment, anatisiyira sutikesi yachitsulo kumudzi. M'katimo tapezamo kansalu kojambulidwa zithunzi zisanu ndi chimodzi, kuphatikizapo nangula ndi chisoti chachifumu, komanso madayisi atatu okhala ndi zithunzi zomwezo m'malo mwa madontho. Kodi zinali zantchito yanji? Ndine mayi wa ku Katete.

YANKHO: Mayi, zimene mwapezazo ndi zipangizo za njuga yotchedwa Crown and Anchor, imene asilikali ndi amalinyero a Britain ankaikonda kwambiri pa nkhondo zonse ziwiri za dziko lonse. Anyamata athu, amene ambiri anachoka kuno Chipata ikutchedwabe Fort Jameson, analowa m'chigwa cha Kabaw ku Burma mu 1944 pansi pa 11th East African Division, ndipo m'magulu amenewo ankakhalira pamodzi ndi azungu oidziwa njugayi.

Mwini kansalu ankakayala pansi, wotchova n'kuika sheleni pa chithunzi chimene wasankha, kenaka madayisi atatu aja ankakhutchumulidwa m'kachitini n'kuponyedwa. Chithunzicho chikaoneka pa dayisi imodzi, munthu ankawina sheleni imodzi. Chikaoneka pa awiri ankawina awiri, pa onse atatu ankawina atatu, koma chikapanda kuoneka ndalama yake inkapita kwa mwini kansalu. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Madayisi atatu angagwe m'njira 216, ndipo mwa zimenezo 125 wotchova amaluza, pamene njira 91 zotsalazo zimamuwinitsa masheleni 108 okha. Choncho pa masheleni 216 alionse, mwini kansalu ankatsala ndi 17 popanda kubera aliyense.

N'chifukwa chake akuluakulu a asilikali anailetsa, ngakhale kuti ankalola Housey-housey, imene lero timaitcha bingo. Zimandimvetsa chisoni kuganizira mnyamata amene mawa akukaonana ndi zipolopolo, akutaya malipiro amene mkazi wake akuwayembekezera kumudzi, koma sindingamuweruze, pakuti munthu wosadziwa ngati kucha ali moyo saiona ndalama monga timaionera ife.

Zindikiraninso kuti wotchova wamba sankayenda ndi kansalu. Kankakhala ndi woyendetsa masewerawo, amene ankakapinda msangamsanga n'kukabisa m'thumba sajeni akatulukira. Ngati kanalidi kawo, ndiye kuti agogo anuwo ndi amene ankasonkhetsa anzawo. Musakachape, chifukwa utoto wakalewo ungasuluke. Kasungeni pouma pamodzi ndi madayisi ake onse atatu.