Chifukwa chake ntchito ya SCHED_DEADLINE imapyola nthawi imene mwaipatsa

Wowerenga wina wanditumizira funso pa imelo. Akuti anaika purogalamu yake pansi pa SCHED_DEADLINE, njira imodzi imene Linux imagawira mapurogalamu (ntchito) nthawi ya purosesa, naipatsa runtime (gawo la nthawi imene ikuloledwa kuthamanga) ya mamilisekondi 2 pa period (nyengo imene gawolo limaperekedwanso) ya mamilisekondi 10, koma akayang'ana ndi trace-cmd, chida cholemba zimene zikuchitika mkati mwa Linux, akuona ikuthamanga pafupifupi mamilisekondi 4 osalekeza. Akufunsa ngati kernel, mtima wa Linux umene umagawa nthawiyo, ili ndi vuto.

Mbale wanga, musanaikaikire kernel, yambani mwafunsa kuti imawerengera liti nthawi imene ntchito yadya. SCHED_DEADLINE, imene inalowa mu Linux 3.14 m'chaka cha 2014, siyang'anira ntchito mphindi iliyonse ayi. Imachotsera nthawi mu update_curr_dl(), ndipo ntchito ikamangothamanga osagona, mpata wochitira zimenezi umabwera pa tick, kugunda kwa wotchi ya kernel. Ngati kernel yanu inamangidwa ndi CONFIG_HZ=250, kutanthauza ma tick 250 pa sekondi, tick imagunda pakatha mamilisekondi 4 alionse, choncho ntchito imene inayamba tick itangodutsa imadya mamilisekondi 4 onse kernel isanazindikire kuti gawo lake linatha kale.

Chimene ambiri sachiona n'chakuti nthawi yoonjezerayo siikhululukidwa, imakhala ngongole. Runtime imatsikira pa -2 (2 kuchotsa 4), ntchitoyo imaimitsidwa, ndipo ikafika nthawi yoipatsa gawo latsopano, replenish_dl_entity() imaonjezera runtime kwinaku ikukankhira deadline (nthawi imene gawolo liyenera kukhala litagwiritsidwa) kutsogolo ndi period imodzi, mobwerezabwereza, kufikira runtime itaposa ziro. Pamenepa ikankha kawiri: runtime ichoka pa -2 kufika pa 0, kenako pa 2. Mukatalikitsa trace yanuyo, zolemba za trace-cmd zija, mudzapeza kuti ntchitoyo ikudya mamilisekondi 4 pa mamilisekondi 20 alionse, amene ndi magawo 20 pa 100 omwe munapempha aja. Ine ndimaona kuti kuyeza kumeneku n'kofunika kuposa china chilichonse, chifukwa ndi kumene kumasiyanitsa kuchedwa kwa tick ndi vuto lenileni. Tsegulaninso /proc/PID/sched (PID ndi nambala ya ntchito yanu) kangapo ntchito ili mkati, muone mmene dl.runtime ikutsikira.

Ngati ntchito zina zikuvutika ndi kuchedwako, onani mu /sys/kernel/debug/sched/features. Mukapeza NO_HRTICK_DL, lembanimo HRTICK_DL, ndipo kernel idzatchera timer yolondola kwambiri pa nthawi yeniyeni imene runtime ithere.

Zikapitirira ngakhale mwatero, pali zina zitatu zoti muzifufuze. Ntchito yoikidwa chizindikiro cha SCHED_FLAG_RECLAIM imaloledwa mwadala kudya nthawi imene zinzake sizinagwiritse. Purosesa ikatsitsa liwiro, kernel imachotsera runtime pang'onopang'ono molingana ndi liwirolo, motero mamilisekondi 2 amatalika pa wotchi. Chachitatu, chimene chimavuta kuchiona, ndi priority inheritance: ntchito ikagwira mutex (loko yoletsa ntchito ziwiri kugwiritsa chinthu chimodzi nthawi imodzi) imene ntchito ina yofulumirirapo ikuidikirira, kernel siiimitsa ngakhale gawo lake litatha, poopa kutsekereza inayo.

Mukandilemberanso, munditumizire mtundu wa kernel, CONFIG_HZ yanu, ndi trace ya sched_switch (kusinthana kwa ntchito pa purosesa) yosachepera sekondi imodzi yathunthu, kuti tiwerengere limodzi.