Ndalephera mayeso a impso, bambo akuti ndisiye unamwino

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana amene ali chaka chachiwiri pa maphunziro a unamwino. Walephera mayeso a physiology, phunziro la mmene thupi limagwirira ntchito, ndipo funso lomwe lamugwetsa ndi la mmene mphamvu ya magazi imasinthira m'timitsempha ting'onoting'ono ta impso. Akuti: "Manambala onse ndinaloweza, koma atangolitembenuza funso mutu unaima. Bambo akuti unamwino ndi wa anthu olephera udokotala, ndiusiye ndikayese MBBS. Nanenso mtima wachoka. Nditani?"

Mwanangu, makalata ngati yakoyi amandipeza chaka chilichonse zotsatira zikangotuluka, ndiye sindikunyengerera. Ku MBBS, maphunziro a udokotalawo, impso zomwezi zikukudikira, ndipo kumeneko amazikumba mozama kuposa apa. Ukuthawa mvula n'kukalowa m'nyanja. Walephera chifukwa waloweza chinthu chofunika kuchimvetsa, komanso chifukwa thupi lili m'kalasi pomwe maganizo ali pa sukulu ina imene sinakuitane n'komwe.

Taganiza za munda wa mpunga wa pa sikimu. Madzi amalowa pa chipata cha kumtunda, n'kutulukira pa cha kumunsi. Ukachepetsa cha kumtunda, m'munda madzi amaphwa. Ukachepetsa cha kumunsi, amadzaza. Glomerulus, kasefa ka magazi ka m'impso, ndiye mundawo. Chipata cholowera ndi afferent arteriole, chotulukira ndi efferent arteriole, ndipo resistance yaikulu ya m'impso, kapena kuti kupanikizika kwa njira ya magazi, ili pa zipata ziwirizi. N'chifukwa chake magazi amene amafika ku impso ndi mphamvu ya pafupifupi 100 mmHg amatsika kufika cha m'ma 60 m'kasefamo, kenako akadutsa chipata chachiwiri amagwa mpaka pansi pa 20. Mphamvu ya 60 ija ndi imene imakankha madzi okwana malita 180 patsiku kuti asefedwe, ndipo kutsika kwa kumunsiko kumalola kuti pafupifupi onse abwerere m'magazi, mkodzo n'kungotsala lita imodzi ndi theka. BP ikakwera pang'ono, chipata cholowera chimadzifinya chokha kuti kasefako kasaphulike. Ikatsika, chimamasuka, pomwe angiotensin II, homoni yopangidwa m'thupi, amafinya chotulukira kuti kusefa kusaime. Ukaliona bwino dimbali m'maganizo, alitembenuze funso mmene angafunire, uyankha.

Ndipo zimenezi si za pa mayeso pokha. Tsiku lina pa benchi ya kiliniki ya BP padzakhala agogo amene amamwa enalapril. Mankhwala amenewa amamasula chipata chotulukira. Mawondo awo amawawa, choncho mdzukulu wawagulira brufen pa golosale, ndipo brufen amatsekereza ma prostaglandin, timichere ta m'thupi tomwe timathandiza chipata cholowera kutseguka. Onjezapo kutsegula m'mimba kwa masiku awiri. Kumtunda kwachepa, kumunsi kwatseguka, m'munda mwauma. Agogowo adzangonena kuti mkodzo ukubwera pang'ono masiku ano. Amene angawafunse kuti "Kupatula mankhwala a kuno, mukumwanso chiyani, agogo?" ndi namwino amene wawamanga lamba pa mkono. Namwino woloweza adzalemba nambala m'buku n'kuitana wotsatira. Womvetsa adzaimitsa brufen uja, n'kupempha kuti magazi akayezedwe creatinine, yemwe amaonetsa mmene impso zikusefera, tsiku lomwelo.

Tsopano kwa inu bambo. Mawu oti unamwino ndi wa olephera ndi amene afooketsa mwana wanu, ndipo amanditopetsa kuwamva. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse m'Malawi muno anali ndi BP yokwera. BP ikakhala yokwera zaka zambiri imalimbitsa timitsempha ta impso mpaka sefa kufa, mwini wake osamva kupweteka kulikonse. Makina a dialysis, osefa magazi impso zikafa, mwa boma anthu amawatsata ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo munthu amafunika kukhala pa makinawo maola angapo, kawiri kapena katatu pa sabata. Amene amakhala pambali pake maola onsewo ndi anamwino. Amene angamuteteze kuti asafike n'komwe pa makinawo ndi anamwinonso a ku health centre. Mukufuna mwana ataye zaka ziwiri zimene mwalipira kale, akalimbirane malo ochepa a MBBS ndi ana a mapointi otsika kwambiri a MSCE, n'cholinga choti pa maliro muzitchedwa bambo a dokotala? Musiyeni amalize.

Iwenso mtsikana, kulephera pepala limodzi sikukuchotsa pa mzere, bola usiye kuyendayenda ndi maganizo. Ngati udokotala udzakhala ukukuitanabe, ukaufunsire uli ndi pepala m'manja ndi laisensi ya ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Pakadali pano tenga pepala loyera, ujambule kasefa ndi zipata zake ziwiri. Finya chimodzi, unene mokweza chimene chichitike ku mphamvu ya magazi ndi ku kusefa, kenako finya chinacho. Bwereza ndi enalapril, ndi brufen, ndi munthu wotaya magazi ambiri pobereka. Ukatha kumufotokozera mnzako wa m'chipinda osayang'ana m'buku, pita ukalembetse mayeso obwereza a supplementary.