Musanagule Robin nambala 1, yang'anani kaye chaka chake

Achimwene, mwafunsa kuti muyambire pati kuwerenga makomiki a Robin, mnyamata wothandiza Batman uja, ndiponso ngati nambala 1 yomwe mwaipeza pa intaneti ndi yoyenera kugula. Musalipire kaye. Makomiki a kampani ya DC olembedwa Robin nambala 1 pachikuto alipo angapo, ndipo sanena za munthu mmodzi. Ya 1991 ndi ya 1993 ndi za Tim Drake, Robin wachitatu, pomwe ya 2021 ndi ya Damian Wayne, mwana wa Batman. Muuzeni wogulitsayo akujambulireni timalemba ting'onoting'ono ta wosindikiza tomwe nthawi zambiri timakhala m'munsi mwa tsamba loyamba. Chaka chenicheni chili pamenepo.

Robin woyamba, Dick Grayson, adatulukira mu Detective Comics nambala 38 mu 1940, ndipo nkhani zake za yekha zinkatuluka mu Star Spangled Comics kuyambira 1947 mpaka 1952. Makope akalewo ndi a osunga zakale, mtengo wake ndi woboola m'thumba. Wachiwiri, Jason Todd, adaphedwa mu 1988 owerenga atavota pa lamya. Dzina la Robin lidayamba kuima palokha pachikuto ndi Tim Drake, ndipo inu muyambire pamenepo.

Yambani ndi makope 5 a 1991, olembedwa ndi Chuck Dixon ndi kujambulidwa ndi Tom Lyle, momwe Tim akupita ku Paris kukaphunzira luso la kumenyana n'kukumana ndi Lady Shiva, mayi katswiri pa lusolo. Adagulidwa kwambiri moti DC idatulutsa Robin II: The Joker's Wild!, makope 4, chaka chomwecho, kenaka Robin III: Cry of the Huntress, makope 6, kuyambira kumapeto kwa 1992. Apa ndi pomwe anthu amaluza ndalama. Robin II idatuluka ndi zikuto zosiyanasiyana zokhala ndi kachithunzi konyezimira ka hologram, koma nkhani ya m'kati ndi imodzimodzi. Osadziwa amagula nambala 1 kawiri kapena katatu poganiza kuti ndi nkhani zosiyana. Ndiponso adasindikiza ochuluka zedi nthawi imeneyo, choncho wina akakuuzani kuti n'zosowa, akungofuna kukudyerani.

Mndandanda wautali, wotuluka mwezi ndi mwezi, udayamba mu 1993, Dixon akulembabe, Tom Grummett akujambula. Ukuyambira pomwe Jean-Paul Valley, yemwe adavala chovala cha Batman msana wa Bruce Wayne, Batman weniweni, utathyoka, wathamangitsa Tim ku phanga la Batman. Udafika nambala 183 mu 2009. Powerengera musaiwale makope awiri a nambala zachilendo, 0 ya 1994 ndi 1,000,000 ya 1998. Dixon adalemba mpaka nambala 100, ndipo kwa ine gawo lokoma ndi limeneli: Tim ali pa sukulu, akubisira bambo ake zomwe amachita usiku, uku akuvutika ndi za chibwenzi. Atachoka Dixon padabwera Jon Lewis, Bill Willingham, Adam Beechen ndi Fabian Nicieza, kalembedwe n'kumasinthasintha. Mwa amenewa musadumphe nambala 126 mpaka 128 za 2004, pomwe Stephanie Brown, chibwenzi cha Tim, adakhala Robin kwa kanthawi.

Chomwe chidzakukhumudwitseni pogula kope limodzilimodzi ndi nkhani zodumphira m'makomiki ena. Mwachitsanzo, nambala 27 ndi 28 ndi zidutswa chabe za nkhani ya mliri ya Contagion ya 1996, ndipo zidutswa zina zili mu Batman, Detective Comics ndi ena. Mukafika pamenepo pezani buku lophatikiza nkhani yonseyo.

N'chifukwa chake ndikuti gulani mabuku ophatikiza omwe DC idayamba kutulutsa mu 2015: Reborn, kenaka Triumphant, kenaka Solo. Loyambalo lili ndi makope 5 aja pamodzi ndi nkhani za Batman zosonyeza momwe Tim adalandirira chovalacho. Buku limodzi silivuta kutumiza poyerekeza ndi timakope tambirimbiri tomwe timapindika m'njira. Mukamaliza nambala 183, nkhani ya Tim ikupitirira mu Red Robin, makope 26, kuyambira 2009 mpaka 2011.