Gitala yamagetsi, mayeso a Fomu 4 ndi bambo amene atseka chitseko

Kalata iyi yachokera kwa mnyamata wa Fomu 4 wa ku Kamwendo, m'boma la Mchinji. Ndaifupikitsa pang'ono.

"Aphungu, ine ndimaimba gitala yamagetsi. Ndinadziphunzitsa ndekha pa foni, ndipo chimene chimanditenga mtima ndi ma solo a psychedelic rock, ngati mmene ankaimbira Jimi Hendrix. Gitalayo ndinagula yogwiritsidwapo kale ntchito ku Chipata, ndi ndalama za ganyu yokumba mtedza. Teremu yatha ndinalakwa Masamu ndi Physics, ndiye bambo anandilanda n'kukaitsekera kuchipinda kwawo. Akuti ndidzakhale namwino kapena mphunzitsi, zamagitala n'za anthu osuta chamba. Sukulu yandikwana. Ndikuganiza zosiya, ndipite ku Lilongwe ndikayambitse bandi. Ndithandizeni, tulo sindikuliona."

Makalata otere ndimawadziwa bwino. Lero ndi gitala, mawa mpira, mkuja kujambula mavidiyo, koma mkangano wake ndi womwewo: mwana wapeza chinthu chomukomera, makolo aona malikisi akutsika, aliyense wakakamira pake. Ndiyamba ndi iwe mwanawe poti ndiwe walemba. Bambo ako ndiwafika pambuyo pake.

Za ku Lilongwezo uziiwale. Ndikuuza mosapsatira mawu kuti kuno kwathu kulibe msika wa psychedelic rock, nyimbo za magitala okalipa za m'ma 1960 zija, woti munthu n'kudyerapo. Tsegula wailesi iliyonse umve zimene zikulira: nyimbo zauzimu, reggae, Afro-pop, amapiano, hip hop. Mwini malo azisangalalo amene amalipira bandi Loweruka amafuna anthu avine ndi kugula zakumwa, ndipo solo, pamene gitala imatsogolera popanda mawu a woimba, yotenga mphindi khumi, woimba atatsinzina, imangomubalalitsira makasitomala. Zikondwerero zikuluzikulu monga Lake of Stars, Sand Music Festival ndi Tumaini ya ku Dzaleka zimabwera kamodzi pachaka, pamene lendi ya kachipinda ku Area 36 kapena ku Mtandire imafunika mwezi ndi mwezi. Mnyamata wopanda MSCE wofika mu mzinda ndi gitala yopanda ngakhale amplifaya amathera pa kabaza, apo ayi kunyamula masipika a anzake n'kumalipidwa chakudya chamasana.

Ndipo Hendrix amene ukumutchulayo, katswiri wa gitala wa ku America, mbiri yake waiwerenga theka. Asanatchuke anakhala zaka akuimba kumbuyo kwa ena, monga Little Richard ndi a Isley Brothers, akuimba zimene wauzidwa, pa kiyi imene wauzidwa, atavala zimene wauzidwa. Anapita ku London mu 1966 ali kale katswiri woperekeza oimba, ndipo zimene anachita ku chikondwerero cha nyimbo cha Woodstock ku America mu 1969 zinamera pa maziko amenewo. Anamwalira mu 1970 ali ndi zaka 27 zokha.

Usachitenso kuyang'ana kutali. Tsidya la malire a Mwami, ku Zambia komwe unagula gitalako, m'zaka za m'ma 1970 kunabuka nyimbo zotchedwa Zamrock, zosakaniza kalilidwe ka Hendrix ndi magule akwawo: WITCH ya Jagari Chanda, Ngozi Family ya Paul Ngozi, Amanaz, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga. Anthu amenewa anali ndi zimene iwe ulibe. Boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo zambiri pa wailesi zikhale za ku Zambia, ndipo ndalama za mkuwa zinkadzaza maholo ku Kitwe ndi ku Ndola. Mtengo wa mkuwa utagwa, mabandi anagwa nawo, ndipo Edzi inatenga oimba ambiri. Jagari anapulumukira uphunzitsi, kenako anakhala zaka akukumba miyala yamtengo wapatali, mpaka dziko linadzamukumbukira atakalamba, WITCH n'kutulutsanso chimbale mu 2023. Ngati woimba wotero anafunika ntchito ina yomuimika, iwe wa Fomu 4 ukuganiza kuti upulumuka ndi chiyani?

Tsopano ndikufunse za gitala yeniyeniyo. Anyamata ambiri ophunzira pa foni amaloweza kabokosi kamodzi ka manotsi asanu kotchedwa minor pentatonic, pamalo amodzi a khosi la gitala, n'kumathamangitsa zala pamenepo tsiku lonse. Amakoka waya kuti ulire mokweza koma osafika pa notsi yoyenera, amatsegula distortion, yokalipitsa mawu a gitala, mpaka kumapeto kuti zolakwa zibisale m'phokoso. Tayesa izi: zimitsa zonse, uimbe solo yomweyo ndi mawu oyera, pang'onopang'ono, metronome ya pa foni, yothandiza kusunga nthawi, ikugunda. Kenako pita ku tchalitchi, mayi wotsogolera kwaya ayambe nyimbo pa kiyi yake yomwe yamufikira pakhosi, popanda kukuchenjeza. Ngati utha kuipeza kiyiyo mzere woyamba usanathe n'kumuperekeza osamuphimba, uli pa njira. Ngati sutha, sunafike poyambitsa bandi, wafika poyamba kuphunzira. Woimba gitala amene amaitanidwa ku maukwati, ku zinkhoswe, ku misonkhano ya mapemphero ndi ku situdiyo ndi amene amasunga nthawi, amamva kiyi ndi khutu, ndipo amatha kuchoka pa reggae kupita pa rumba osadandaula.

Pali chinthu chimene chandipweteka kwambiri m'kalata yako. Walakwa Physics, chikhalirecho kalilidwe kamene ukukakonda ndi Physics yeniyeni. Pansi pa mawaya a gitala yako pali maginito okulungidwa ndi kawaya ka mkuwa kopyapyala. Waya wachitsulo ukanjenjemera pamwamba pake, mumabadwa mphamvu yamagetsi yochepa imene amplifaya imaikulitsa. Ndi mutu womwe uja wa electromagnetic induction umene unaugonera m'kalasi. Kulira kokalipa kwa fuzz kumene Hendrix ankakukonda kunkachokera m'kachipangizo kotchedwa Fuzz Face, ndipo mkati mwake muli ma transistor awiri okha, ma resistor ochepa ndi ma capacitor ochepa, zoyendera batire la 9 volts. Kulira kotalika kosatha kuja, gitala akaiyandikiza pa sipika, ndi mawu otuluka mu sipika akugwedezanso mawaya n'kubwereranso mu amplifaya. Hendrix yemweyo anali ndi katswiri wa zamagetsi pambali pake, Roger Mayer, amene anamupangira chipangizo chosinthira mawu a gitala chotchedwa Octavia ndi kumukonzera zina.

N'chifukwa chake njira imene ndikuikhulupirira pa iwe ndi ya zamagetsi ndi electronics, gitala ili pambali pako. Taona mmene zilili kwanu konko. Pa Kamwendo, pa Kapiri, pa Mkanda, pa boma, mpingo uliwonse lero uli ndi zokuzira mawu, ndipo wochititsa ukwati aliyense amabwereka masipika. Magetsi akathima n'kubwera mwamphamvu, kapena jenereta ikavuta, amplifaya imapsa, ndipo kawirikawiri imakwera minibasi kupita ku Lilongwe kukafuna wokonza. Maikolofoni imalira mluzu pakati pa ulaliki, sipika imang'ung'udza chifukwa cha earth yosalumikizidwa bwino kapena kawaya kamodzi koduka mkati mwa jack, anthu n'kumangoyang'anana. Mnyamata wodziwa kugwira multimeter yoyezera magetsi ndi soldering iron yolumikizira mawaya, amenenso ali ndi khutu la woimba, sasowa ntchito pamalo otere. Wonjezerapo kuika magetsi m'nyumba ndi ma sola amene afala m'midzi, ndiye kuti uli ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi. Ndipo pedal, kachipangizo kosinthira mawu a gitala ngati Fuzz Face kaja, imene sungathe kugula ungathe kudzipangira wekha patebulo. Oimba amamusunga pafupi munthu wotere, chifukwa tsiku la phwando ndi iye amene amapulumutsa zinthu. Khomo lolowera m'mabandi enieni nthawi zambiri limakhala limenelo.

Maphunziro ake alipo. Kudzera ku TEVETA ungalowe m'makoleji a ntchito zamanja monga Lilongwe Technical College, kumene amaphunzitsa zamagetsi. Ukakhoza bwino kwambiri, MUBAS ku Blantyre ili ndi madigiri a uinjiniya wa zamagetsi. Ngati mtima wako uli pa nyimbo basi, University of Malawi ku Zomba imaphunzitsa nyimbo, MUST ku Thyolo ili ndi digiri ya African Musicology, ndipo Music Crossroads ku Area 23 mu Lilongwe imasula oimba achinyamata. Koma ku mayunivesite a boma sudzalowa popanda ma credit asanu ndi imodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo ku zamagetsi adzayang'ana Masamu ndi sayansi, maphunziro omwe wawataya aja. Makomo onsewa kiyi yake ndi MSCE imene ukufuna kuithawa kutangotsala miyezi yochepa.

Tsopano inu bambo, poti ndikukhulupirira mwanayu akuonetsani yankholi. Mantha anu a chamba sindikuwapeputsa. Nyimbo zimenezi zinakulira pakati pa mankhwala ozunguza bongo ku America ndi ku Britain m'zaka za m'ma 1960, ndipo oimba ambiri anaonongeka nazo. Koma chamba sichikhala mu gitala. Mwana amene mwamulanda chinthu chomusunga pakhomo madzulo, mukuganiza kuti madzulowo akawathera kuti? Gitalayo anaigula ndi thukuta lake, akukumba mtedza m'minda ya eni. Mwana wotha kusunga ndalama ya ganyu mpaka ikwane kugula chida chotere, n'kudziphunzitsa yekha popanda mphunzitsi, si waulesi. Wangoika khama lake lonse mbali imodzi.

Ndipo nkhani ya unamwino ndi uphunzitsiyi yandikwana. Kholo lililonse limene limandilembera limatchula ntchito ziwiri zomwezi ngati kuti dziko lonse latsekeredwa m'chipatala ndi m'kalasi. Simukuwaona anamwino ndi aphunzitsi omaliza maphunziro amene akhala pakhomo zaka akudikira kulembedwa ntchito ndi boma? Komanso unamwino umafuna Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu zokhoza bwino, ndi mtima wopirira fungo la wodi usiku wonse. Munamufunsapo mwanayu ngati mtima umenewo ali nawo? Namwino wokakamizidwa ndi amene amakalipira odwala. Mtengo umawongoledwa uli waung'ono, inde, koma osati pouthyola. M'bwezereni gitala, mupangane poyera: Lolemba mpaka Lachisanu ndi mabuku, Loweruka ndi Lamulungu ndi gitala, ndipo zotsatira za mayeso oyeserera zikatsikanso, gitala ibwerere m'chipinda mwanu mpaka mayeso a MANEB atatha.

Iwe mwanawe, usadikire kuti bambo ayambe ndiwo. Pita wekha ukawapepese pa malikisi aja, chifukwa pamenepo ndiwe unalakwa. Upeze mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo a Masamu ndi Physics, upemphe aphunzitsi akuthandize mitu ya magetsi ndi maginito poyamba, poti imeneyo uli nacho chifukwa choimvetsera. Ukapemphe malo mu bandi ya ku tchalitchi, ngakhale akupatse makodi atatu okha oti uzibwereza chaka chonse, uvomere. Pa holide ukakhale pambali pa wokonza mawailesi ndi mafoni pamsika, uzimugwirira zida ndi kuonerera. Ukadzayamba kupeka nyimbo zako, udzazilembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, zisanafalikire pa WhatsApp.

Sindinakumve ukuimba, choncho sindikuuza kuti uli ndi luso lodabwitsa. Chimene ndaona n'chakuti unakumba mtedza mpaka unagula gitala, ndipo khama lotero likhoza kukupezera credit ya Masamu ngati uyamba sabata ino. Ma solo ako uwasunge, uziwayeseza Loweruka, umverenso Paul Ngozi ndi Amanaz kuti uone mmene anzathu a tsidya linalo anaikiramo zakwawo. Zotsatira za MSCE zikadzatuluka undilemberenso, unditumizire magiredi a phunziro lililonse, tidzaone ngati ndi TEVETA, MUBAS kapena Zomba.