Mankhwala a njoka za m'mimba alephera, LA walephera: kodi tizilombo si timodzimodzi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali. Ndaifupikitsa, koma mfundo yake ndi iyi: "Bambo akunyumba akhala akutsegula m'mimba milungu itatu, chimbudzi chosakanikirana ndi magazi komanso zonanda ngati mamina. Tinagula mankhwala a njoka za m'mimba, osasintha. Thupi litatentha tinawapatsa LA amene anatsala mwana atadwala malungo, osasinthanso. Kuchipatala atayeza chimbudzi anati apeza tizilombo totchedwa amoeba, n'kuwapatsa Flagyl. Kodi tizilombo si timodzimodzi? Bwanji mankhwala oyamba aja sanatiphe?"

Mayi, pepani ndi matendawa. Funso lanu ndalimva kambirimbiri pa zaka zomwe ndakhala mu labu diso lili pa maikulosikopu, ndipo sindikudabwa nalo. Mawu akuti tizilombo tawasenzetsa katundu wambiri pa Chichewa. Ka HIV timati kachilombo, ka kolera kachilombo, ka malungo kachilombo, nyongolotsi ya m'mimba kachilombonso. Komatu zolengedwa zimenezi n'zosiyana kuposa mmene mbuzi imasiyanirana ndi chinangwa. Msampha wa mbewa sugwira nsomba.

Tiike pambali mavairasi ndi mabakiteriya. Otsalawo azachipatala amawatchula kuti ma parasite, kutanthauza zamoyo zodyera pa thupi la mnzawo. Ena amakhala kunja pakhungu, monga nsabwe, matekenya ndi kachilombo ka mphere. Ena ndi njoka za m'mimba ndi abale ake, kuphatikizapo ya likodzo imene asodzi ndi ana a ku Kachulu ndi ku Chisi amaitenga m'madzi a Chilwa kudzera ku nkhono. Gulu lachitatu ndi ma protozoa, ndipo ndi amene agwira bambowo. Kachilombo kotere thupi lake lonse ndi selo imodzi basi, kachidutswa kamodzi mwa tizidutswa ting'onoting'ono topanga matupi a zamoyo. Kalibe mutu, kalibe matumbo, simungakaone ndi maso. Njoka ya m'mimba imatha kutalika ngati rula ya mwana wasukulu, ndipo zambiri mwa njokazi siziswana m'thupi mwa munthu: zimaikira mazira amene amayenera atuluke kaye ndi chimbudzi. Protozoa ayi. Kamodzi kamagawika kukhala tiwiri, tiwiri kukhala tinayi, momwemo m'thupimo. N'chifukwa chake kumeza tochepa chabe kumakwanira kumugoneka munthu wamkulu pamphasa.

Albendazole, mankhwala a njoka aja amene ana amalandira kusikelo ndi kusukulu, amaitsekera njoka njira yoyamwira shuga mpaka ife ndi njala. Piritsi limodzi limenelo amoeba salimva. LA naye ali ndi ntchito yake: amapha kachilombo kamene kakudya magazi mkati mwa maselo ofiira, osati kokhala m'matumbo. Flagyl, dzina lake lenileni metronidazole, amagwira tizilombo tokhala kumalo kopanda mpweya wa okosijeni, ndipo m'matumbo aakulu ndi malo otero.

Amoeba woyambitsa kamwaziyu dzina lake ndi Entamoeba histolytica, ndipo mawu achiwiriwo amatanthauza wosungunula mnofu. Amalowa m'kamwa atadzitsekera mu kachikwa kolimba, ngati mmene mbozi imachitira. Kachikwako sikapsa ndi asidi wa m'chifu. Kakafika m'matumbo kamasweka, tizilombo n'kutuluka n'kukakhazikika m'matumbo aakulu. Mwa anthu ambiri timangokhala phee, munthu osamva kanthu, koma akutulutsa tizikwa tatsopano tsiku lililonse akapita kuchimbudzi. Mwa ena timaboola khoma la matumbo n'kupanga zilonda, ndiye magazi ndi zonanda mwaonazo. Choopsa kwambiri n'chakuti timatha kulowa m'mitsempha ya magazi n'kukafika kuchiwindi, n'kupangako thumba la mafinya. Choncho bambowo akayamba kumva kupweteka kudzanja lamanja pansi pa nthiti, thupi likutentha, ngakhale patapita miyezi kutsegula m'mimba kutasiya, musachedwe ndi zitsamba. Thamangirani kuchipatala ndipo mukawauze adokotala kuti anadwalapo amoeba.

Pa za Flagyl ndikupempheni zinthu zingapo. Amalize onse, ngakhale amawawa ndipo amasiya m'kamwa mukumveka ngati wanyambita chitsulo. Mowa asaukhudze, kaya Chibuku, kaya kachasu, mpaka padutse masiku awiri atamaliza. Kuphatikiza ziwirizi kumasanzitsa koopsa ndi kuthamangitsa mtima. Mukabwerera kuchipatala mukafunsenso za mankhwala achiwiri ochotsa tizikwa totsalira m'matumbo, chifukwa Flagyl amapha bwino tizilombo tolowa mu mnofu koma sasesa m'matumbo monse. Ndipo pakatha masiku atatu popanda kusintha, bwererani. Kamwazi wambiri amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Shigella, amene mankhwala ake ndi ena. Ife a mu labu tilinso ndi potipunthwitsa: pali amoeba wina, Entamoeba dispar, wosadwalitsa konse, koma pa maikulosikopu amafanana ndi woopsayo ngati mapasa. Nthawi yonseyi Thanzi ORS asasowe pakhomo.

Mwina mukudzifunsa kuti anazitenga kuti. Njira ndi imodzi, ngakhale n'zonyansa kunena: chimbudzi cha munthu wina chinafika m'kamwa mwawo. Chimafika kudzera m'madzi a pachitsime chimene chili m'munsi mwa zimbudzi, makamaka mvula ikamagwa. Chimafika ndi ntchentche, ndi manja a wophika, ndi kabichi wosaphika amene amathira pamwamba pa tchipisi pachiwaya. Mtsinje wa Likangala umadutsa m'tauni ya Zomba muno usanakathire ku Chilwa, ndipo aliyense amene anayendako m'mbali mwake amadziwa kuti anthu amachapamo, kusambamo, ena kuthirira masamba. Ine saladi wa pachiwaya ndinasiya kalekale, anzanga amandiseka kuti ndine wamantha, koma iwo sanaone zimene ine ndimaona pagalasi.

Apa pali chinthu chimene ambiri sadziwa. WaterGuard ndi klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa amapha bwino kachilombo ka kolera, ndipo musasiye kuthira. Koma tizikwa ta ma protozoa n'touma mutu. Ta amoeba ndi ta Giardia timachedwa kufa, pomwe ta Cryptosporidium, kamene kamatsegula m'mimba ana aang'ono ndi anthu amene chitetezo chawo chatsika, klorini wa mlingo wapakhomo satipha. Chotsimikizika ndi kuwiritsa madzi mpaka abwate kwa mphindi yathunthu. Ndikudziwa mtengo wa makala, koma pa milungu ino pamene m'nyumba muli wodwala, madzi akumwa okha awiritseni. Giardia ndamutchulayu ndi uja amatupitsa mimba, munthu n'kumageya fungo la dzira lovunda. Munthu woyamba kumuona anali Antonie van Leeuwenhoek wa ku Holland mu 1681, ndipo anamupeza m'chimbudzi chake chomwe atatsegula m'mimba.

Ma protozoa ena salowera m'kamwa. Ka kaodzera kamabwera ndi kashembe, ndipo kuno kwathu kamavuta kwambiri m'midzi yoyandikana ndi nkhalango za Vwaza ku Rumphi ndi Nkhotakota. Trichomonas amapatsirana pogonana, ndipo mwamuna ndi mkazi amayenera kumwa mankhwala onse awiri. Toxoplasma, ngakhale iye amalowera m'kamwa, amachokera ku chimbudzi cha mphaka ndi nyama yosapsa, ndipo ndi amodzi mwa matenda amene Bactrim amatchinga kwa anthu amene ali ndi HIV.

Koma Mayi, mu imelo yanu muli mzere umodzi umene wandidetsa nkhawa kuposa za bambowo. Mwati LA anatsala mwana atadwala. LA satsala. Amamwedwa kawiri patsiku kwa masiku atatu, kasanu ndi kamodzi, ndipo paketi imakhala yoyezedwa malinga ndi kulemera kwa wodwalayo. Ngati anatsala, ndiye kuti mwanayo sanamalize. Malungonso ndi a protozoa, Plasmodium falciparum. Udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles ukaluma, tizilombo timayamba tabisala m'chiwindi pafupifupi sabata, kenako timalowa m'maselo ofiira a magazi, n'kumaswana ndi kuwaphulitsa masiku awiri aliwonse. Mu LA muli mankhwala awiri. Artemether amakantha mwachangu, n'chifukwa chake mwana amadzuka tsiku lachiwiri n'kuyamba kusewera, inu n'kuganiza kuti wachira. Lumefantrine ndiye amatsalira m'magazi kusesa totsala, ndipo amalowa bwino m'thupi akamwera chakudya cha mafuta, monga mkaka kapena phala la nsinjiro. Mukadukiza, totsalato timabwerera.

Akuluakulu amene tinakulira chloroquine tikukumbuka kuyabwa kwake. Anasiya kugwira ntchito, ndipo mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kutenga Fansidar. Fansidar nayenso anafooka, mu 2007 tinasamukira ku LA. Ndikaona paketi yotsala theka m'kabati mwa munthu, ndimakumbukira mndandanda umenewu.

Ndiye mawa, popita ndi bambowo kukafunsa za mankhwala achiwiri aja, mumutenge ndi mwanayo. Mukawauze kuti sanamalize LA, mutchule tsiku limene anayamba ndi limene anasiyira. Kachipangizo koyezera pachala kaja kamatha kuonetsabe malungo kwa milungu ingapo munthu atamwa mankhwala, choncho angafune kuona magazi ake pa maikulosikopu. Ngati nayenso m'mimba mwake mukuvuta, mutenge chimbudzi chake m'kabotolo koyera, chatsopano, chisanathe ola limodzi. Amoeba akazizira amasiya kuyenda, ndipo wosayenda amativuta kumuzindikira.